Zabedwa bwanji, poti zilipo?

Akuluakulu odziwa za makompyuta, tandithandizani. Mbuzi ikabedwa, m'mawa khola limakhala pululu, mwini wake n'kuyamba kulondola mapazi. Nanga chinthu chimabedwa bwanji koma n'kupezeka chili pomwepo?

Ndikufunsa chifukwa cha zomwe zinachitika mu 2017 ku Equifax, kampani ya ku America yosunga mbiri ya ngongole za anthu. Akuba analowa m'makompyuta ake mu Meyi, n'kumakopera mayina, masiku obadwa, maadiresi ndi manambala a Social Security (owazindikiritsa ku boma) a anthu pafupifupi 147 miliyoni. Kampaniyo inadzatulukira kumapeto kwa Julayi, anthu n'kudzauzidwa mu Sepitembala. Miyezi iwiri ndi theka popanda woona kanthu? Komanso akanaona chiyani, poti fayilo iliyonse inali m'malo mwake?

Akuti akubawo anadzera pa pulogalamu ina, Apache Struts, yomwe inali ndi vuto. Chokonzera vutolo chinali chitatuluka kale mu Malichi, koma sichinaikidwe. Ndiye kuti kuphonya kwa anthu ochepa mu ofesi kungaike pambalambanda mtundu wonse wa anthu?

Chondizunguza mutu kwenikweni ndi ichi. Ambiri mwa anthuwo sanapondeko ku Equifax. Mbiri zawo zinachokera kumabanki ndi kwa obwereketsa ndalama. Tsono mwini wake ndani, wotchulidwa dzinayo kapena wosungayo? Ngati ndi wosunga, bwanji wolira ndi wina? Ndipo n'chifukwa chiyani zonse zinaunjikidwa pamodzi, kuti wakuba akalowa kamodzi akolole za anthu mamiliyoni?

Mwina munena kuti azingozitsekera, osazilumikiza ku intaneti. Koma banki ikafuna kudziwa ngati munthu amabweza ngongole, ifunsa kuti? Ndiye kuti njira yodzera banki ndi yomwenso wakuba amaifunafuna?

Zikatere timauzidwa kuti tisinthe pasiwedi. Chabwino, imeneyo ndi ya mphindi imodzi. Nanga tsiku lobadwa munthu alisintha bwanji? Mu 2019 Equifax inavomera kulipira ndalama zofika madola 700 miliyoni. Kodi ndalamazo zinafufuta zimene akubawo anakopera, kapena akadali nazo mpaka lero?

Inu amene mumatipempha chiphaso cha unzika tikamalembetsa nambala ya foni kapena potsegula akaunti, tiuzeniko: mukachijambula mumakachisunga kuti, amachiona ndani, ndipo mumadzachifufuta liti?