Njira yodzigwetsera wekha MSCE isanafike

Pa zaka zomwe ndaphunzitsa Fomu 4 ndaona kuti mwana sagwa tsiku limodzi. Amene amakomoka kapena kuuma mutu pa tsiku la Masamu amakhala atauyamba ulendowo miyezi itatu m'mbuyo, ndipo njira yake ndi yomweyomweyo chaka ndi chaka. Ndaiona kokwanira moti nditha kuilemba mwandondomeko. Nayi, iwe amene dzina lako lili kale m'kaundula wa MANEB. Ndikuilemba mtima ukundiwawa, chifukwa ambiri amene anaitsata anali ana anzeru ndi akhama.

Yamba ndi kusintha mayina a zinthu. Mutu ukamamanga ngati aukulunga ndi chingwe kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, nena kuti ndi dzuwa. Khosi ndi mapewa zikauma, loza desiki. Ukadzuka nsagwada zikuwawa, mnzako wa bedi lapamwamba n'kukuuza kuti unkakukuta mano usiku wonse, museke. M'mimba mukamapotokola m'mawa wa mayeso oyeserera, imba mlandu nyemba za kukhitchini. Nyemba zomwezo wadya kuyambira Fomu 1, koma usadzifunse chifukwa chake zikukupweteka pa tsiku la Physics lokha. Manja akamatuluka thukuta mu Juni, anzako atavala majuzi, apukute pa yunifomu n'kupitiriza.

Chomwe chikuchitika unachiphunzira kale mu Biology. Ubongo wako waona mayeso ngati galu wolusa. Tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso tikutulutsa adrenaline ndi cortisol. Mtima ukugunda mofulumira, magazi akuthamangira ku minofu ya manja ndi miyendo, ntchito yogaya chakudya yasokonekera. Kwa munthu wothawa galu izi n'zothandiza, ndipo zimatha akangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Galu wako ali pa kalendala, ndipo sachokapo mpaka pepala lomaliza. Zimenezi uzisungire kuyankha funso la mamalikisi asanu. Usaziike pa thupi lako.

Kenako limbana ndi tulo, pakuti apa ndi pamene ambiri amathera. Prep ikatha usapite kukagona. Tenga beseni, thira madzi ozizira a pampopi, viika mapazi, yatsa tochi ya foni. Ndinapezapo mnyamata wina cha m'ma 2 koloko usiku m'kalasi mopanda magetsi, bulangete kumutu, mapazi ali mbuu m'madzi, buku la Agriculture lili patsamba lomwe ndinamusiya nalo 9 koloko. Maso anali otsegula koma sankawerenga kanthu. Ndinamufunsa mutu wa zomwe akuwerenga, iye n'kuyang'ana pachikuto kuti andiyankhe. Chita ngati iyeyo. Ukayamba kusinza, nyambita khofi wouma pa supuni kapena gula chakumwa chopatsa mphamvu cha pa grosale. Caffeine amatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lichoke m'magazi, choncho ukamwa 10 koloko usiku, 3 koloko m'bandakucha theka likadali momwemo. Udzagona thupi lili lefu koma mtima ukuthamanga, n'kumadabwa kuti tulo tapita kuti.

Munthu wa msinkhu wako amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Iwe gona atatu. Ndi m'tulo momwe ubongo umasanja zomwe wawerenga masana n'kuzikhazika poti udzazipeze. Ukadula tulo uli ngati mlimi amene akukolola usana ndi usiku koma nkhokwe yake ilibe pansi. M'mawa udzapeza kuti zadzulo zauluka, mantha adzakula, ndipo manthawo adzakuuza kuti mankhwala ake ndi kuchezera usiku wina. Amvere.

Mutu ukapitiriza, utseke pakamwa ndi Panado. Awiri m'mawa, awiri masana, awiri pa prep, tsiku ndi tsiku. Mankhwala opha ululu akamwedwa kawirikawiri chonchi amayamba okha kubweretsa litsipa, ndipo paracetamol akapitirira mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku amawononga chiwindi ngakhale cha munthu wamkulu. Akakuthera, bwereka Brufen kwa mnzako umwe ndi m'mimba mopanda kanthu, popeza phala la m'mawa unasiya kalekale kuti usataye nthawi pamzere. Thupi likatentha ndi kunjenjemera, nenanso kuti ndi maganizo; usapite kukayezetsa malungo.

Siya mpira, siya netiboli, siya kwaya. Zonse zomwe zinkatulutsa thukuta ndi kuseka uzitche zotayitsa nthawi, ngakhale kuti ndizo zinkamasula minofu yomwe tsopano yamangika. M'malo mwake khala pafupi ndi okamba za likasa. Tsatira uthenga uliwonse wa pa WhatsApp wonena kuti pepala latuluka, werengera mapointi ako usiku uliwonse, yerekeza ndi a mnzako. Mu Novembala 2020 boma linathetsa mayeso a MSCE ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana onse, ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Likasa silinatonthozepo mtima wa munthu, koma iwe lifunefune.

Chachikulu pa zonse, khala chete. Ngati ndiwe mnyamata, dziuze kuti mwamuna salira. Ngati ndiwe woyamba kubadwa, kumbukira mbuzi yomwe inagulitsidwa kuti fizi ikwane, ndipo amayi akaimba foni uwauze kuti zonse zili bwino. Mphunzitsi akakufunsa kuti bwanji waonda, yankha kuti "Ndili bwino, sala." Mnzako akakufunsa chifukwa chake wayamba kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, mukalipire kuti asadzafunsenso. Pano ndiima kaye, chifukwa pali malire omwe sindingakuperekeze. Maganizo akafika poti kuli bwino kungochoka padziko, tseka tsamba lino, pita kwa munthu wamkulu amene umamukhulupirira lero lomwe, kapena imba 116, nambala yaulere ya Tithandizane. Palibe satifiketi yoposa moyo wako, ndipo amayi akowo angasankhe iwe osati mapointi.

Ukatsata zonsezi, tsiku lenileni lidzakupeza wokonzeka kugwa. Woyang'anira adzati tsegulani mapepala. Udzawerenga funso loyamba, mutu udzati zii. Mtima udzagunda mpaka m'makutu, pakamwa padzauma. Udzayamba kupuma mofulumira ndi pachifuwa, ndipo mpweya wa carbon dioxide ukatuluka wambiri chonchi, zala ndi milomo zimachita dzanzi, chizungulire n'kubwera. Apa khulupirira kuti ukufa, kapena kuti wina wakuchita chipongwe kumudzi, n'kupuma mofulumira koposa.

Usaike cholembera pansi. Usaponde mapazi onse awiri pa simenti n'kutsitsa mapewa omwe akwera mpaka m'makutu. Usakoke mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono ukuwerenga mpaka 4, mimba n'kutukuka, kenako n'kuutulutsa ndi pakamwa ukuwerenga mpaka 6. Kutulutsa mpweya motalika kumachepetsa kugunda kwa mtima, ndipo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kamangotenga mphindi imodzi pa pepala la maola awiri. Usadumphe funso lovutalo kukayamba ndi lomwe ukulidziwa. Zimenezi zimagwira bwino kwa amene anazizolowera kale, pamene mutu unkangomanga pang'ono mu Epulo, ndipo iwe unaonetsetsa kuti usazizolowere. Yang'ana wotchi, yang'ana mnzako amene wadzaza kale tsamba.

Mtsikana wina wa m'kalasi langa anaitsata njira iyi mpaka kumapeto. Pa mayeso oyeserera anali woyamba pa Chemistry. Pa tsiku lenileni anamutulutsa anthu awiri atamugwira m'khwapa, zala zitapindika, atalemba nambala yake ya mayeso ndi mizere inayi. Madzulo ake tinakhala pakhonde la hositelo, iye atafunda chitenje, kapu ya tiyi ili m'manja. Ndinamufunsa mafunso a pepala lija, limodzi ndi limodzi. Anayankha asanu oyambirira osaphonya ngakhale limodzi.