Timatumba ta m'munsi mwa maso

Kale munthu akakhala ndi timatumba m'munsi mwa maso tinkangoti wakula, kapena sanagone. Masiku ano akuti ndi vuto lofunika mpeni. Timatumbato ndi mafuta amene amatchinjiriza diso. Minofu yowagwira ikafooka ndi ukalamba, mafutawo amatukukira kutsogolo. Ndiye dokotala amacheka m'mphepete mwa nsidze za m'munsi, kapena mkati mwa chikope kuti chipsera chisaoneke, njira imene dokotala wa ku France, Julien Bourguet, anailongosola mu 1924. Mafuta ena amawachotsa, ena amawasunthira pakadzenje ka pafupi ndi mphuno.

Cholinga n'chakuti uzioneka ngati wagona tulo tabwino. Koma milungu iwiri yoyambirira umaoneka ngati wachita ndewu kumowa: maso otupa, obiriwira, magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo. Dokotala akadula khungu lambiri, chikope chimapindikira kunja, diso n'kumauma kapena misozi n'kumangoyenderera popanda maliro.

Chondiseketsa chili ku Seoul. Ku Gangnam, kumene zipatala zokonza nkhope zili khomo ndi khomo, atsikana amalipira kuti awabaye jekeseni yotupitsa kamnofu ka pansi pa diso, kotchedwa aegyo sal, ati kamachititsa munthu kuoneka wamng'ono. Chipinda china mayi akulipira kuti amuphwetse, chipinda chinacho mwana wake akulipira kuti amutupitse. Madokotala amaumirira kuti ndi malo awiri osiyana, otalikirana mamilimita ochepa. Ndalama zonse amalandirira pa kauntala imodzi.