Mmene mungakhalire katswiri wa mafoni kwa Kaphuka osafunsa munthu

Dera lililonse limafuna munthu mmodzi wodziwa zonse za mafoni, ndipo kwa Kaphuka udindowu ndi waulere. Safunsa satifiketi, safunsa zaka, ndipo palibe amene anachotsedwapo chifukwa cholakwitsa. Zofunika ndi benchi, mawu okweza, ndi foni imene ili pa tchaja cha munthu wina. Benchi yabwino ndi ya pakhonde la wometa tsitsi kapena la wotchajitsa mafoni pa sola, pakuti munthu wodikira batire sathawa. Amene moto wake uli pa 12 peresenti amamvera chilichonse.

Yambani ndi kusankha mbali. Makampani akuluakulu a mafoni a m'manja m'dziko muno ndi awiri okha, choncho mutu suwawa. TNM inayamba mu 1995. Inzakeyo inafika mu 1999 ndi dzina loti Celtel, mu 2008 n'kukhala Zain, mu 2010 n'kukhala Airtel itagulidwa ndi kampani ya Bharti ya ku India. Mbiri imeneyi ndi nkhokwe yanu. Ngati nambala yanu imayamba ndi 088, muzifunsa anthu kuti kodi woyenda ndi mayina atatu angasungidwe m'mudzi. Ngati imayamba ndi 099, muzinena kuti inayo yakalamba ndipo sidziwa kusintha. Mukasankha, ikondeni mbali yanuyo monga wa Maule akondera Maule: timu ikagonja wolakwa ndi woyimbira mpira, netiweki ikasowa wolakwa ndi phiri la Chongoni.

Ena adzakuuzani kuti kampani imene mukuifera siikudziwani n'komwe. Amenewo ndi ansanje. Imakudziwani bwino lomwe. Kuyambira 2018, pamene bungwe la MACRA linalamula kuti SIM iliyonse ilembetsedwe, dzina lanu ndi nambala ya chiphaso chanu cha unzika zili m'mabuku ake. Imakulemberani uthenga tsiku ndi tsiku, chinthu chimene mwana wanu wa ku Joni sachita. Mayunitsi akakutherani imakubwerekani, a Airtel amati Kutapa, a TNM amati Pasavute, ndipo mukangolowetsa ena imakumbukira ngongoleyo musanatsegule pakamwa. Ndi abale angati amene amakuganizirani chotere?

Pali kanthu kamodzi kofuna kusamala. Foni yanu ili ndi malo a SIM awiri, ndipo tonse tikudziwa chimene chili m'malo achiwiriwo. Musavomere. Ikalira ya kumeneko pagulu, nenani kuti ndi ya akazi anu.

Funso limene lizibwera kawirikawiri ndi loti kodi netiweki yabwino kuno ndi iti. Yankho lake limapezeka poyenda: kutsikira kudimba, kukwera pachitunda, kuima kuseri kwa sukulu, n'kuona pamene timizere takwera ndi pamene tagwa, chifukwa dziko la mapiri ngati lino mudzi uliwonse uli ndi nkhani yakeyake. Inu musayende. Mayi wogulitsa tomato uja amadziwa kuti pachulu cha kuseri kwa tchalitchi ina imagwira m'mawa, pamene panjira ya kuchigayo imagwira inayo, ndipo amaimba mafoni ake onse bwinobwino n'kugulitsa madengu ake asanaole. Koma mayiyo alibe mbali, ndiye kuti alibenso maganizo. Yankho la katswiri ndi limodzi kuyambira pa Linthipe mpaka kumalire a Salima, dzinja ndi chilimwe.

Pewani nkhani ya mitengo. Ndi yoopsa, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a pafoni ndi pa intaneti, ndipo unagwera wa 088 ndi wa 099 mofanana. Mu 2020 anthu a mbali zonse ziwiri anadandaula pamodzi kuti intaneti yakwera udyo, phokoso linakula, ndipo Airtel inatsitsa mtengo wa MB imodzi kwa osagula bando kuchoka pa K15 kufika pa K5, TNM nayonso n'kutsitsa wake. Mwaona zimene zimachitika anthu akagwirizana? Benchi imakhala chete. Palibe wotsutsa mnzake, palibe wofuna katswiri. Chimodzimodzi funso loti n'chifukwa chiyani makampani akhala awiri okha zaka zonsezi, chikhalirecho G-Mobile ndi Celcom analandira ziphaso n'kuzimiririka osaliza foni m'mudzi uliwonse, ndipo mu 2022 Malcel inalandiranso chake. Wina akayambitsa zimenezi, muyankheni kuti ndi ndale, kenako mufunse kuti foni yake ndi ya mtundu wanji.

Apa ndiye pali ntchito yokoma. Mkangano wa Tecno ndi Itel ukhoza kudya tsiku lonse la msika, ndipo akafika wa Infinix umafika mpaka nyali kuyaka. Unyozeni mtundu wa mnzanu kuyambira kamera mpaka kulira kwake. Nenani kuti anthu opanga foni yakeyo sadziwa ntchito, akaphunzire kwa opanga yanu. Mwana wa sukulu akalowerera n'kunena kuti mitundu itatu yonseyi ndi ya kampani imodzi, Transsion ya mumzinda wa Shenzhen ku China, ndipo ndalama zanu ndi za mnzanuyo zinakagwera m'thumba limodzi, mufunseni kuti ndi mwana wa yani. Funso limenelo limathetsa mfundo zambiri kuno kwathu. Za iPhone muzilankhula ndi ulemu, ngakhale simunaigwirepo. Kungoyiona m'manja mwa munthu wotsika m'galimoto pa Chimbiya kudzagula nyama yootcha n'kokwanira kuti mupereke chigamulo.

Uphungu wanu uzifika ndi kwa akuluakulu omwe. Agogo aakazi amene ali ndi foni ya mabatani ali pamavuto aakulu ngakhale sakudziwa. Foni yawo imakhala masiku ambiri osafuna moto, ili ndi tochi yowunikira kukhola usiku, ili ndi wailesi yomvera uthenga wa maliro ndi mitengo ya mbewu, ndipo ikagwa m'munda amangoipukuta. Zonsezi ndi zizindikiro za kutsalira. Auzeni agule yopalasa, yagalasi lalikulu, yofuna kutchaja madzulo aliwonse, makamaka ngati mawaya a ESCOM sanafike kwawoko. Ulendo wa tsiku ndi tsiku wopita kotchajitsa umalimbitsa miyendo. Ndalama yogulira isavute: soya agulitsidwe mu Epulo pomwe, mavenda akangopachika masikelo, mtengo usanayambe kukwera n'kusokoneza maganizo. Ndipo onetsetsani kuti pakatoni palembedwa 5G. TNM inayamba kuyesa 5G mu 2023 m'malo ochepa a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo ndi bwino agogowo akhale okonzeka.

Katswiri weniweni amadziwika polosera imfa. Mwezi uliwonse lengezani kuti pulogalamu inayake yatha. Muli ndi umboni woti zoterezi zimachitika: anthu obwera ku Joni adzakukumbutsani za Mxit, imene achinyamata a kumeneko ankachezerapo usiku wonse isanatsekedwe mu 2016, ndi BBM ya mafoni a BlackBerry imene inatsekedwa mu 2019. Nokia, imene inali m'thumba la mphunzitsi aliyense, inagulitsa mbali yake ya mafoni kwa Microsoft mu 2014. Popeza zinthu zitatu zinagwadi, chilichonse chimene inu mwaloza chigwanso. Chitsanzo chabwino chotsatira ndi cha Januwale 2021, pamene WhatsApp inasintha malamulo ake a chinsinsi ndipo anthu mamiliyoni padziko lapansi anathamangira ku Telegram ndi ku Signal. Katswiri wanzeru nthawi imeneyo anasamutsa gulu la banki mkhonde, la komiti ya mjigo ndi la kwaya kupita ku Telegram, osafunsa ngati bando yotchipa ya WhatsApp imene amayiwo amagula imatsegula kumeneko. Siitsegula. Gulu limakhala la anthu awiri, inu ndi msuweni wanu wa ku Lilongwe, ndipo misonkhano imayenda mofulumira kwambiri.

Pa 4 Okutobala 2021 WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinazima pamodzi kwa maola pafupifupi 6. Munthu wamba akhoza kuphunzirapo kuti zitatuzi ndi za mwini mmodzi: Facebook inagula Instagram mu 2012 ndi WhatsApp mu 2014, ndipo kampani yonseyo tsopano imatchedwa Meta. Inu phunziranipo china. Tsiku ngati limenelo muzizungulira mudzi n'kumauza aliyense kuti foni yake yagwidwa ndi vairasi, n'kuifufuta yonse, zithunzi za ukwati ndi manambala omwe. Kukacha zinthu zidzayambanso kugwira, ndipo ulemu udzakhala wanu.

Muziikiranso anthu GBWhatsApp. Ya eni ake ndi yosasangalatsa: siionetsa uthenga umene munthu wafufuta, siibisa kuti mwamvera mawu a apongozi. Yobedwayi imachita zonsezo, imadutsa pa Xender popanda kudya bando, ndipo palibe akudziwa amene anaipanga ndi kumene mauthenga anu amadzera, zimene zikusonyeza kuti ndi munthu wodzichepetsa. Eni WhatsApp amatseka manambala ogwiritsa ntchito zoterezi. Nambala ya mlembi wa kalabu ya alimi ikatsekedwa sabata yolandira feteleza, muuzeni kuti wina wamuchitira kaduka.

Za uthenga wa mawu wofika usiku, wa munthu wosatchula dzina amene akuti mlamu wake amagwira ntchito ku likulu, lamulo ndi lachidule: tumizani kaye, mumvera pambuyo. Akale amati safunsa anadya phula, koma akalewo analibe magulu 14 odikira nkhani. Lilipo lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti, ndipo anthu angapo m'dziko muno anagonapo m'chitokosi chifukwa cha zimene anatumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook. Amenewo mwina anaiwala kulemba pamwamba kuti angolandira nawo.

Musaiwale zakunja, chifukwa n'zimene zimasiyanitsa katswiri ndi wokonza mafoni wamba, yemwe amangodziwa kusintha galasi ndi kuwotcherera potchajira. Elon Musk muzimutchula ngati munadya naye m'mbale imodzi. Anabadwira ku Pretoria, ndiye pafupifupi ndi mnansi. Anagula Twitter mu 2022 pa mtengo wa madola 44 biliyoni n'kuisintha dzina kukhala X, ndipo inu muyenera kukhala ndi maganizo olimba pa nkhaniyi ngakhale pabenchi ponse palibe anatsegulapo akaunti. Starlink yake inafika m'Malawi mu 2023, ndipo muzilengeza kuti makampani awiri aja atha basi, pofika Khirisimasi aliyense adzakhala ndi kambale padenga. Musatchule mtengo wa kambaleko, kapena kuti chaka chomwecho mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, kapena kuti kamafuna magetsi osazima. Denga la udzu nalonso lisalowe m'nkhani. ChatGPT, imene inatuluka kumapeto kwa 2022, muziifunsa tsiku lobzala kachewere kudimba kwanu. Mlangizi wa zaulimi amachedwa, ndiponso ali ndi chizolowezi choipa chofuna kuona munda asanayankhe.

Tsopano tifike pa ndalama, pamene ukatswiri wanu udzasiye chizindikiro chosafufutika. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo lero ndalama ya fodya, ya sukulu fizi, ya chipepeso ndi yochokera ku Joni imadutsa m'kabokosi ka ejenti pamsika. Anthu ambiri achikulire amaopa manambala, choncho adzabwera kwa inu. Asankhireni nambala yachinsinsi yosavuta, chaka chawo chobadwa, chimene chalembedwa kale pachiphaso chimene amasunga m'kathumba kamodzi ndi foni. Kuti asaiwale, ilembeni pakapepala n'kukaika kuseri kwa batire. Kwa ejenti aziitchula mokweza, kawiri, poti tsiku la msika pamakhala phokoso.

Tsiku lina foni ya malume anu idzalira. Woyimbayo adzakhala waulemu kuposa munthu aliyense wa muofesi amene malumewo anakumanapo naye. Adzati dzina lawo latuluka pa Mtukula Pakhomo, kapena pa feteleza wotsika mtengo, kapena kuti katundu wa mwana wawo wagwidwa pachipata cha Dedza ndipo pakufunika kangachepe kuti adutse. Mwinanso udzangofika uthenga woti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, inayo yavuta. Malume, pokhala munthu wosaphunzira za mafoni, adzakayikira. Adzafuna kufunsa amfumu ngati kuli kalembera, kapena kuimbira kaye mwanayo pa nambala yake yakale. Apa m'pamene muyenera kulanda foniyo. Afotokozereni kuti zinthu za masiku ano zimayenda mwachangu, ndipo mwayi sudikira munthu wokafunsa kwa amfumu. Apolisi akhala akunena kuti mafoni ambiri otere amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba, ndipo makampani onse awiri amachenjeza kosalekeza kuti iwo safunsa nambala yachinsinsi ya munthu. Koma mawu a woyimbayo inu mwawamva nokha, ndipo munthu wa m'ndende sangadziwe kunena kuti "bwana" mokoma chotero. Tsatirani malangizo ake onse, batani ndi batani. Akapempha kuti muwonjezere pang'ono chifukwa yoyambayo sinaoneke, wonjezerani. Ntchito yosiyira panjira si yabwino.

Nambala ija ikasiya kupezeka, musathamangire kwa ejenti kapena kupolisi kuti mwina ndalamayo n'kuimitsidwa isanatapidwe. Kuthamanga kumaonetsa ngati mwalakwa. Dikirani masiku awiri, kenako onani kuti nambala ya wakubayo imayamba ndi chiyani. Ikakhala ya mbali inayo, mwapambana: uwu ndi umboni umene mwakhala mukuufuna zaka zonsezi, ndipo malume ayenera kunyadira kuti ndalama yawo ya matumba a nyemba yathandiza kuthetsa mkangano. Ikakhala ya mbali yanu, nenani kuti ndi anthu a mbali inayo amene anagula SIM yanu dala kuti aipitse dzina.

Nkhaniyi ikhoza kukafika kubwalo, pakuti azibale ena samvetsa za luso lamakono. Pitani mutavala jekete. Polankhula thirani mawu a Chingerezi ochuluka, makamaka onena za sisitimu, ndipo nduna ikafunsa kuti sisitimuyo imakhala mudzi uti, yang'anani kumwamba. Gogo chalo akagamula kuti mubweze ndalamayo ndi kuwonjezerapo mbuzi, vomerani mwaulemu, muombe m'manja, kenako mufunse ngati bwalo limalandira pa Mpamba kapena pa Airtel Money, ndiponso kuti yotapira alipira ndani. Mwa anthu okhala pansi pa mtengowo, theka ndi a 088, theka ndi a 099. Mbuziyo mudzaifunafuna mukakolola.