Nabanda Wayamba Kutsonya

Batire la galimoto lakwera mtengo, abale anga. Nditakafunsa ku Tete, mnyamata wa m'sitolo anatchula ndalama yoti ndinacheuka, poganiza kuti akuyankha bwana wina wa migodi ya ku Moatize amene waima kumbuyo kwanga. Kunalibe munthu. Ndinawerengera mumtima: mbuzi ziwiri zonenepa, kuonjezapo tambala. Ndinathokoza mwaulemu n'kukwera chapa kubwerera kwathu ku Chifunde, komwe Nabanda ankandidikira atatupa pansi pa mtengo wa mango.

Nabanda ndi kapikapu kanga. Takhala m'banja zaka zambiri. Watuta fodya, watuta chimanga, wanyamula maliro ndi akwati, wafika mpaka ku Cassacatiza kumalire ndi Zambia osadandaula. Koma masiku ano ndikapotoza kiyi, m'malo modzuma monga kale, amangoti ke-ke-ke-ke. Kunditsonya. Munthu wa imvi ngati ine, kutsonyedwa ana akuona!

Ndinamunyengerera. Ndinamusisita paboneti, ndinamukumbutsa matayala amene ndinamugulira ine ndikuyenda ndi nsapato yobooka. Anatsonya. Mayi a kunyumba, omwe sanamukondepo mkazi mnzawoyu, anayankhula ali pakhonde: "Abambo, akazi anu aang'onowo tangokawatulani kwa ogula zitsulo, tipume."

Banja likagwedera timaitana ankhoswe. Anabwera pa njinga yamoto, thumba la masipanala lili kumsana, manja ali bii ndi girizi. Anamvetsera mbali zonse ziwiri, ine ndikudandaula, Nabanda akutsonya.

"Madala, kutsonya kuli pawiri," anatero amisiriwo. "Akatsonya kamodzi, kho! n'kukhala duu, nyali zikuwala bwinobwino, mlandu uli kwa sitata kapena kasolenoidi kake. Pamenepo wina amapotoza kiyi, inu n'kugogoda sitatayo ndi sipanala, nthawi zina imadzuka."

Ndinawauza kuti kumtundu kwathu sitikweza dzanja pabanja.

"Musavutike, awa akutsonya mondondoza. Moto ukufika wochepa. Ukukwana kukankha kasolenoidi, koma sitata ikangoti ikoke, moto wagwa, kasolenoidi kabwerera, kakankhanso, kabwereranso. Ndiye ke-ke-ke mukumvayo. Tayatsani nyali mupotoze kiyi."

Ndinapotoza. Nyali zinazilala mpaka kutsala pang'ono kuzima. Atatsegula boneti, mitu ya batire inali itamera ufa woyera wobiriwira, waya wina ukugwedera moti unkazungulira ndi zala. Anaitanitsa madzi otentha ndi soda, soda yomweyi yophikira therere, imene mayi anaipereka nkhope atayang'ana kumbali. Atathira, panachita thovu fwaa. Anapala mitu ija mpaka inanyezimira, anamanga ndi sipanala ya 10, anatsatanso waya wakuda uja wokagwira kuthupi la galimoto, poti nawonso ukachita dzimbiri umayambanitsa banja. Kenaka anatulutsa kachipangizo koyezera. Batire lokhuta, akuti, limaonetsa 12.6. La Nabanda silinafike ndi pa 12 pomwe.

Tinaitana ana a m'mudzi kuti akankhe. Giya yachiwiri, phazi pa kilachi, ataliwiritsa ndinachotsa phazi. Nabanda anatsokomola, anadumpha, n'kudzuma. Amisiri anayezanso injini ikulira: cha m'ma 14. Olitaneta alibe mlandu, akudyetsa batire mokwanira. Nanga wakuba moto ndani?

Ankhoswe anandiyang'ana nthawi yaitali. "Madala, kodi mayiwa usiku amagona?"

Maso awo anali pa kawaya kochokera pansi pa boneti, kodutsa pawindo n'kulowa m'nyumba. Kawaya kameneko ndi kamene kamayatsa babu loti ana awerengere, wailesi, kanema tsiku la mpira, ndi mafoni a theka la mudzi, kuphatikizapo ya anyakwawa. Anafotokoza kuti batire la galimoto analipanga kuti lizipereka moto wambiri kakanthawi kochepa, injini ikadzuka n'kubwezeredwa. Kulikama usiku uliwonse mpaka kuuma ndiko kulifupikitsira moyo. Mwachidule, Nabanda masana ndi galimoto, usiku ndi damu.

Apa ndiye nanenso ndinatsonya. Chigawo chathu chino cha Tete ndi chimene chili ndi Cahora Bassa, damu lalikulu pa Zambezi lomalizidwa mu 1974, lotha kutulutsa ma megawati 2,075. Gawo lalikulu la magetsi ake limayenda pa nthambo mtunda woposa makilomita 1,400 kukafika ku South Africa. Malasha a ku Moatize amakwera sitima kukawoloka nyanja. Ife oyandikana nazo zonsezi, m'midzi ya kutali ndi msewu, mwana akawerenge ndiye kuti kapikapu kokalamba kagone ndi njala. Mizati imene imatchulidwa pa misonkhano nthawi ya mavoti tikuidikirabe. Munthu wolima fodya wolowetsa ndalama zakunja m'dziko sayenera kusankha pakati pa kuunikira nyumba ndi kudzutsa galimoto yoti ithamangitse wodwala kuchipatala.

Chigamulo cha ankhoswe chinali chotere: batire lakale likatchajidwe pa sola ya aneba, komwe lili pamzere kumbuyo kwa mafoni, kawaya kadulidwe, ndipo podikira mbuzi kuti zinenepe, Nabanda azigona pamtunda, mphuno italoza kumunsi. Ndiye wasamuka pansi pa mango, akugona pafupi ndi chulu, mwala uli kutayala. Anthu ayamba kale kunong'ona kuti tapatukana.

Ana okankha aja nawonso apanga bungwe. Masiwiti akuwakana, akufuna ma meticais, ndipo akuti kwacha ya ku Zambia amalandiranso. Madzulo a tsiku la ankhoswe lija, nditafunsa chifukwa chake therere linali lolimba chonchija, mayi anangoti, "Kafunseni amene anadya soda."