Mmene mungapangire chikwama cha kiripito choliritsa anthu a ku Mambwe

Yambirani pa kompyuta. Chikwama chanucho chikhale chomamatira pa Chrome monga MetaMask, poti ndicho mavidiyo ophunzitsa amaonetsa. Mukatero mwatsekera kunja anthu ambiri kuchokera kwa Jumbe mpaka kwa Kakumbi, kumene ndalama zimayenda pa kafoni ka mabatani kudzera pa Airtel Money ndi MTN MoMo. Ngati mwapanga app, iyeseni ku Lusaka kokha, pa intaneti ya mu ofesi. Musapite nayo kwa Msoro m'dzinja, kumene munthu amakwera pachulu kuti uthenga upite.

Kulakwa kwakukulu kuli pa mawu achinsinsi. Chikwama chotere sichisunga ndalama m'kati mwake. Chimasunga kiyi, ndipo kiyiyo imabadwa kuchokera ku mawu 12 kapena 24 otengedwa pa mndandanda wa mawu 2,048 wotchedwa BIP39. Wodziwa mawuwo ndiye mwini ndalama, ndipo zikatuluka palibe ofesi yozibweza. Ndiye njira yosankhira mawuwo ilembeni nokha, mwachangu, osaitanira katswiri wina kuti aiunike. Mu November 2022 chikwama cha Trust Wallet cha pa Chrome chinatuluka ndi vuto lotere: masankhidwe ake anali pafupifupi 4 biliyoni okha, chiwerengero chimene kompyuta imatha kuchiyesa chonse, ndipo anthu anaberedwa. Mukhozanso kutsanzira app ya Slope, imene inkatumiza mawu a anthu osabisidwa ku seva yolembapo zovuta za appyo. Mu August 2022 zikwama zikwizikwi za kiripito ya Solana zokhudzana ndi appyo zinakokoloka.

Mwini foni muonetseni mawuwo kamodzi, m'Chingerezi, ndipo musamufunse kuti awabwereze. Mloleni awajambule pa foni pomwepo. Apa ndi pamene mtima umandipweteka, chifukwa foni ya kumudzi si ya munthu mmodzi. Masana imatsala pagolosale ikutchajidwa pa sola, madzulo ili m'manja mwa mwana wa mlongo, ikavuta imagona masiku kwa wokonza mafoni ku Cropping, amene akhoza kufufuta zonse kuti iyake. Wolemba mawuwo papepala musamuuze za pulasitiki kapena chitini. Adzalitsomeka padenga la udzu, chiswe ndi mvula zidzatsiriza.

Za kwacha musaziganizire. Bank of Zambia inanena mu 2018 kuti ndalama za kiripito si ndalama zovomerezeka zolipirira m'dziko muno, ndipo wogulitsa ufa pa Masumba amafuna kwacha. Mayi wosoka madengu amene mlendo wa ku South Luangwa wamulipira pa app yanu afunika njira yotulutsira ndalamazo tsiku lomwelo. Inu muikireni chithunzi cha mtengo wa Bitcoin ukukwera. Ndalama yolipira potumiza ibiseni kufikira atadina. Musafotokoze kuti ndalama ya kiripito ya USDT ya pa Tron ndi ya pa Ethereum zimayenda misewu yosiyana, ngakhale mukudziwa kuti wosokoneza misewuyi akhoza kutaya zonse.

Appyo ilengezeni mu June ndi July, alimi atangogulitsa thonje. Ndi nthawi yokhayo pachaka imene banja limagwira ndalama yochuluka, ya mbewu, ya mayunifolomu a ana ndi ya chimanga chogula ngati njovu zinalowa m'munda. Ikani batani lalikulu lolembedwa kuti phindu, ndipo nambala yoimbira zikavuta ikhale ya foni imene simuyankha.