Bongololo Wapita ku Yunivesite

Makolo anati bongololo sadzolera mafuta pagulu. Timangomuona akunyezimira m'dzinja, koma kumene amabisa nsupa yake palibe anafikako. Tsono mwambiwu wakumana ndi hip-hop, gule amene lamulo lake n'loti nsupa uiike pakati pa bwalo, uitane wojambula, udzole mpaka m'makutu.

Ku Chanco kapena ku Poly, imene masiku ano akuti MUBAS, mkangano wake sulira holo. Magetsi akangothima ku hostel, wayamba. Uku kuli abale a mapemphero a m'bandakucha, amene amati nyimbozi zaononga ana: kutukwana, kutama chamba, thalauza kulendewera ngati mwini wake wadzidzimutsidwa kuthengo. Uko kuli mnyamata wa chaka chachiwiri amene wangomva kumene kuti Harvard inatsegula nkhokwe ya hip-hop mu 2002, ndiponso kuti Kendrick Lamar analandira mphoto ya Pulitzer mu 2018. Ameneyu mpira sapatsa mnzake. Mtsikana akafunsa chifukwa chake akazi m'mavidiyo ntchito yawo n'kugwedezeka pambali pa galimoto basi, amayankhidwa ndi Chingerezi cha mapazi ambirimbiri, funso lake n'kugona ndi njala. Nayenso mnyamatayu akudzola pagulu, kungoti mafuta ake ndi a ku laibulale.

Onsewa amaiwala kuti guleyu anabadwa wotuwa. Pa 11 Ogasiti 1973, ku Bronx mumzinda wa New York, Cindy Campbell ankafuna ndalama zogulira zovala za kusukulu. Anakonza phwando, mlongo wake DJ Kool Herc n'kukhala pa zimbale. Pakhomo atsikana ankalipira masenti 25, anyamata 50. Mu 1982 nyimbo ya "The Message" inali dandaulo la anthu a m'makwalala oiwalidwa. Kudzitama kunachokera komweko: ngati palibe wokuyamikira, umadziimbira wekha nthungululu.

Kwathu kuno kudzolako kuli ndi chisoni chake. Galimoto ya muvidiyo ndi ya malume, ndipo anenetsa kuti ibwere dzuwa lisanalowe. Jekete ndi la pa kaunjika. Kamera ikazima, mfumu ya mzinda wonse imanenerera mtengo wa kabaza. Ine zimenezi sizindipweteka. Mwana wadzola zobwereka, wabweza, palibe waluza mbuzi. Amene amandisangalatsa ndi onga Tay Grin, amene anaona kuti kunyezimira kulipo kale pakhomo n'kulowetsa za gule wamkulu mu rap, kapena Fredokiss, amene mu 2019 anakayesa mpando wa uphungu ku Blantyre. Sanapambane, koma anaonetsa anyamata a mu ghetto kumene kuli bokosi la mavoti. Ku Senegal zinafika patali: oimba rap anali m'gulu la oyambitsa Y'en a Marre mu 2011, anakopa achinyamata kukalembetsa kuti adzavote, ndipo mu 2012 Pulezidenti Abdoulaye Wade, amene ankafuna ulendo wachitatu, anagwa pachisankho.

Ndiye tisanawakalipire anawa kuti aphwanya mwambi, tione amene amausunga bwino. Alipo akuluakulu amene malipiro awo timawadziwa tonse, koma chaka chisanathe nyumba yosanja yamera, mwana ali kusukulu kunja, tsaya lili phuliphuli. Sajambulitsa vidiyo. Satukwana. Thalauza lili m'chiuno, lamba wothina, Lamulungu mpando wakutsogolo. Mu 2013, nthawi ya Cashgate, apolisi anapeza mitolo ya ndalama za boma m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ena otere, uku m'zipatala mankhwala akusowa. Pa nkhani imeneyi abale a m'bandakucha ndi mnyamata wa Pulitzer uja amagwirizana msanga, kenaka wina amafunsa ngati alipo watsala ndi bundle.