Mmene Mungaphere Mtsinje wa Linthipe Kuyambira ku Chongoni

Timitsinje tochokera m'mapiri a Chongoni ku Dedza timathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ya Malawi ku Salima, kufupi ndi zilumba za Maleri. Wofuna kuupha mtsinjewu ntchito yake imathera kumtunda konkuno. Chondiwawa n'chakuti zambiri mwa njira zouphera tikuzitsata kale.

Yambani ndi mapu. Jambulani malire a nkhalango ya Chongoni, yomwe boma linaiteteza mu 1924, ndipo munene kuti za kunja kwa mzerewo sizikukukhudzani. Madambo, minda ya kachewere ya m'mapiri ndi madimba a m'mbali mwa mtsinje zisalowe m'dongosolo lanu, ngakhale madzi a mvula amadutsa monsemo.

Dongosololo mulembere mu ofesi mumzinda, m'Chingerezi. Mafumu muwaitane tsiku lokhazikitsa lokha kuti adzangoomba m'manja. Amayi otola nkhuni, bowa ndi masuku musawafunse kanthu, chikhalirecho ndiwo amadziwa kasupe amene anaphwa chilimwe chatha. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawo ndi makomiti oziyang'anira. Inu sankhani komiti, ilembeni m'kaundula, koma isakhale ndi mphamvu ngakhale pa mtengo umodzi. Munthu amene nkhalango siimupindulira masana amailowa usiku ndi nkhwangwa. Akatuluka ndi thumba la makala panjinga, mulandeni pamsewu wa M1, osamupatsa njira ina yopezera ndalama ya feteleza, ndipo wogula makalawo m'tauni musamufunse.

Nyengo yodzala mitengo ikayamba mu Disembala, dzalani mbande zambirimbiri, muwerenge zodzalidwa zokha, zopulumuka ayi. Musalambule njira zotchinga moto, kuti moto wa osaka mbewa udzazipsereze mu Okutobala. Pakasupe dulani katope ndi mkuyu n'kudzalapo bulugamu, mtengo womwa madzi kwambiri. Zitsa za mombo zimene zikuphukira zokha, zomwe zikanabwezeretsa nkhalango popanda kugula mbande, zisiyeni mbuzi zidye.

M'minda, mizere itsetsereke ndi phiri. Musaike akalozera, musadzale vetiva. Limani mpaka khasu likhudze madzi, zulani bango ndi nsenjere, ndipo dothi la m'mphepetemo muumbire njerwa. Mvula yoyamba ikagwa, kaimeni pamlatho wa Linthipe. Madzi ofiira amene akudutsa pansipo ndi nthaka ya pamwamba ya minda ya anthu, yosakanikirana ndi feteleza amene anamugula movutikira. Kangalande kamene mwana akudumpha chaka chino kadzakhala chigwembe chodula munda pakati.

Za mapanga a zojambula munene kuti n'za nthambi ina ya boma. Malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ambiri mwa iwo amatetezedwa ndi nkhalango yomweyi. Mitengo ikatha, utsi, dzuwa ndi mvula zimafika mosavuta pa zofiira za Akafula ndi zoyera za chinamwali ndi Nyau ku Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Chachikulu pa zonse, anthu a ku Dedza ndi a ku Salima asakhale pabwalo limodzi. Mpasa umakwera mtsinje kukaswana pamiyala ing'onoing'ono ya m'madzi oyera, ndipo matope akakwirira miyalayo mazira amafa. Matope omwewo amafika ku Maleri, gawo la Lake Malawi National Park, n'kuphimba ndere za pamiyala zimene mbuna zimadya. Msodzi wobwerera ndi bwato lopanda kanthu adzadandaula za nyengo, mlimi amene chimanga chake chikunyentchera adzadandaula za mtengo wa feteleza. Bola awiriwa asazindikire kuti vuto lawo ndi limodzi, sipadzapezeka woima pamsonkhano wa khonsolo kupempha kuti mtsinje wonse, kuyambira pakasupe mpaka pamathiriro, ukhale ndi dongosolo limodzi.